Matenda a achimwene anga ali ndi dzina

Anzanga, ambiri a inu mumawadziwa achimwene anga. Ena munawaona chaka chatha akuyenda mumsewu wa kumsika opanda nsapato, akuyankhula okha. Ena munaseka. Sindikukusungirani chakukhosi, chifukwa nanenso kale ndinkaseka anthu otere. Koma sabata yatha pa buleki mnzathu wina anandifunsa kuti, "Aise, eti achimwene ako anapenga chifukwa chokhwima?" Ndinasowa choyankha pompo. Ndiye yankho langa ndi limeneli. Ndisanalembe ndinayamba ndawapempha eni ake, ndipo anati, "Lemba, bola ulembe zoona."

Mmene zinayambira

Achimwene anakhoza bwino MSCE, ndipo ankathandiza amalume pagolosale podikira mwayi wa kukoleji. Ali ndi zaka 21 anayamba kusowa tulo. Anasiya mpira, anasiya kusamba, n'kumangodzitsekera m'chipinda. Ife tinkati ndi ulesi, kapena mwina chibwenzi chatha. Kenako anayamba kukana nsima ya amayi, amvekere muli poizoni. Wailesi ikamayankhula ankati owulutsa mawu akunena za iwowo. Tsiku lina ndinawapeza akuyankha munthu amene panalibe, ndipo atandiona anandifunsa modabwa kuti, "Iwe sukuwamva anthuwa?"

Apa aliyense pamudzi anasanduka dokotala. Agogo anati mwana walodzedwa ndi anthu ansanje chifukwa chokhoza mayeso. Kumsika ankati anakatenga mankhwala olemeretsa n'kuphonya malangizo a sing'anga. Ena ankati ndi chamba basi. Ena ankati anawerenga mopitirira muyeso mpaka mutu unatentha. Akumpingo ena anati ndi ziwanda. Tinatha miyezi 8 tikuzungulira. Kwa asing'anga awiri kunapita mbuzi ndi matumba atatu a chimanga, koma achimwene ankangoipiraipira. Za chipatala palibe ankazitchula, poti tonse tinkaganiza kuti misala si matenda a kuchipatala.

Amene anatitsegula maso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera mwathu, amene anauza amayi kuti kuchipatala cha boma kuli anamwino oona za matenda a maganizo. Kumeneko anawayeza, anatifunsa mafunso ambirimbiri, kenako anawatumiza ku Zomba Mental Hospital komwe anakhalako milungu ingapo. Pobwera, m'kabuku kawo ka kuchipatala munali mutalembedwa mawu amodzi ovuta kutchula: schizophrenia. Agogo mpaka lero amangoti "sikizo".

Kodi matendawa n'chiyani?

Schizophrenia ndi matenda a ubongo amene amasokoneza mmene munthu amaganizira, mmene amamvera, ndi mmene amasiyanitsira zenizeni ndi zomwe palibe. Dzinali analipeka mu 1908 dokotala wa ku Switzerland, Eugen Bleuler, kuchokera ku mawu awiri a Chigiriki otanthauza kugawikana ndi maganizo. Sizitanthauza kuti mwa munthuyo muli anthu awiri ayi. Iye ankanena za maganizo amene sakulumikizana bwino.

Zizindikiro zake zili m'magulu. Pali zimene zimaonekera kwa aliyense: kumva mawu a anthu amene palibe, kukhulupirira mwamphamvu zinthu zopanda umboni monga zoti wina akufuna kukupha, ndi kuyankhula zosagwirizana mutu ndi mchira. Palinso zimene anthu saziona ngati matenda: kusowa chidwi ndi chilichonse, kudzipatula, kusadzisamala, nkhope yosaonetsa chimwemwe kapena chisoni. Zimenezi ndi zija ife tinkazitcha ulesi.

Mu 2022 bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linati anthu pafupifupi 24 miliyoni anali ndi matendawa, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 300 alionse. Ali ku Malawi, ali ku Japan, ali ku America, ngakhale kumene anthu saganizako za ufiti. Kawirikawiri amayamba munthu akamachoka paunyamata kulowa m'zaka za m'ma 20, ndipo mwa amuna amafulumirako kusiyana ndi mwa akazi. Taonani zakazo, anzanga. Ndi msinkhu wathu uno ndi wa azikulu athu.

Choyambitsa sichimodzi. Pali mbali ya chibadwa, pali zovuta zimene mwana angakumane nazo ali m'mimba kapena pobadwa, pali mavuto aakulu a m'moyo, palinso mankhwala ozunguza bongo. Mu Bayoloje timaphunzira kuti maselo a mitsempha amatumizirana uthenga kudzera mu timadzi tapadera. Kamodzi mwa timadziti ndi dopamine, ndipo mankhwala ambiri a schizophrenia amagwira ntchito pochepetsa mphamvu yake m'mbali zina za ubongo.

Kukayika kwa amalume

Amalume anga sanakhutire msanga. Anafunsa adokotala kuti, "Mwamuyeza magazi simunapeze kanthu. Ndiye mukuti akudwala chiyani?" Funsoli ndi lomveka, ndipo nanenso linkandivuta. Zoona zake n'zakuti palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa schizophrenia ngati mmene zimakhalira ndi malungo. Magazi aja amawayeza pofuna kutsimikiza kuti si matenda ena, chifukwa malungo a muubongo, matenda oumitsa khosi, HIV ikafika pena, khunyu, mowa ndi chamba zonsezi zimatha kusokoneza munthu mutu. Akaona kuti si zimenezo, amamvetsera wodwala, amafunsa apabanja mmene zinayambira, ndipo amaona ngati zizindikiro zakhalapo kwa mwezi kapena kuposera. Nchifukwa chake sathamangira kutchula dzina la matenda tsiku loyamba lomwelo.

Wokayika wamkulu anali mwini wake. Achimwene ankati, "Ine sindikudwala, odwala ndinu." Poyamba ndinkaona ngati ndi makani chabe. Anamwino anandifotokozera kuti kusazindikira kuti ukudwala ndi mbali ya matenda omwewo. Mawu aja iwo amawamvadi, momveka ngati mmene inu mumamvera belu la pasukulu pano. Ndiye kukangana nawo kuti "mukunama" sikuthandiza. Ndinaphunzira kunena kuti, "Ine sindikuwamva achimwene, koma ndikuona kuti akukuvutitsani."

Zimene anthu amanena

Za chamba, pali choonadi pang'ono. Kusuta chamba, makamaka ukayamba uli wamng'ono ndiponso ukamasuta kwambiri, kumawonjezera chiopsezo cha matendawa, ndipo kwa amene akudwala kale kumawabwezera m'mbuyo. Anyamata amene mumazembera kuseri kwa zimbudzi, mwamva. Koma si aliyense wodwala amene anasutapo. Achimwene anga ngakhale fodya wamba sanamukhudzepo.

Za kuwerenga kwambiri, limenelo ndi bodza, ndipo musapezerepo chifukwa chothawira sitade. Matendawa amangoyamba pa msinkhu umene anthu ambiri ali pasukulu, ndiye anthu amalumikiza ziwirizo. Sasankha wanzeru kapena wopanda nzeru. John Nash, katswiri wa masamu wa ku America, anadwala schizophrenia kwa zaka zambiri, ndipo mu 1994 analandira mphoto ya Nobel pa zachuma.

Za ufiti ndi ziwanda, sindikufuna kunyoza agogo anga kapena chikhulupiriro cha wina aliyense. Ndingonena zimene ndinaona ndi maso angawa. Miyezi 8 ya mphini ndi zofukiza sinawagonetse tulo achimwene. Milungu ingapo ya mankhwala a kuchipatala inawabwezera patebulo kudzadya nsima ya amayi. Amayi sanasiye kupemphera, ndipo palibe dokotala anawaletsa. Abusa athu masiku ano akamaliza pemphero amafunsa kuti, "Tsiku la kuchipatala ndi liti?" Choopsa pa nkhani ya ufiti n'chakuti imafuna wolozedwa chala. Kwathu anatsala pang'ono kunamizira mayi wina wokalamba amene sanalakwe kanthu.

Mantha amene ndinali nawo

Ndiulule. Ndinkaopa kumwera kapu imodzi ndi achimwene. Schizophrenia sapatsirana. Simungawatenge m'malovu, m'mbale, pogwirana chanza kapena pogona chipinda chimodzi.

Ndinkaopanso kuti popeza ndife a bere limodzi, wotsatira ndine. Usiku ndikamva kanthu panja mtima unkagunda, ndimvekere basi zayambika. Nditafunsa anamwino anandiuza kuti chiopsezo cha mbale wake wa wodwala ndi chokwererako ndithu, pafupifupi mmodzi mwa 10. Koma tatembenuzani nambalayo: 9 mwa 10 sadwala. Ngakhale mapasa ofanana ndendende, mmodzi akadwala si nthawi zonse pamene winayo amadwalanso. Chibadwa pachokha sichigamula mlandu. Chimene ndingachite ine ndi kupewa chamba ndi mowa, kugona mokwanira, ndi kuyankhula msanga ndikaona zachilendo.

Mantha ena ndi oti munthu wotere ndi woopsa. Ambiri mwa odwalawa savulaza munthu. Nthawi zambiri iwowo ndi amene amagendedwa, kumenyedwa, kuberedwa kapena kumangidwa ndi zingwe. Achimwene pamene ankaoneka olusa anali ndi mantha, poganiza kuti akusakidwa. Ukawayankhula modekha ankatsika mtima.

Nanga amachira?

Funso limene amayi analira nalo ndi limeneli. WHO imati mwa anthu atatu alionse odwala matendawa, mmodzi kapena kuposerapo amachira kotheratu. Ena ambiri amakhala bwino akamamwa mankhwala, ngati mmene amakhalira a shuga kapena a BP. Ena amavutika nthawi yaitali, sindibisa. Chimene madokotala amatsindika n'chakuti kuyamba chithandizo msanga kumawonjezera mwayi wopeza bwino. Miyezi 8 ija imandiwawabe ndikaikumbukira.

Mankhwala alipo ndipo si achilendo. Chlorpromazine anayamba kugwiritsidwa ntchito ku France mu 1952, haloperidol anapangidwa ku Belgium mu 1958, ndipo onsewa amapezeka m'zipatala zathu. M'zipatala za boma salipiritsa. Kupatula ku Zomba, kulinso chipatala cha St John of God ku Mzuzu chimene chimathandiza matenda a maganizo. Koma poyambira ndi chipatala chimene muli nacho pafupi.

Mankhwalawa ali ndi zovuta zake. Achimwene ankagona kwambiri, manja ankanjenjemera, khosi linkauma, nthawi zina dovu linkatuluka. Anthu poona zimenezi ankati, "Mwaona, mankhwala a kuchipatala amupusitsa." Iwonso atatopa nazo, komanso poona kuti mawu aja asiya, anasiya kumwa mwakachetechete. Mapiritsi ankawataya kuseri kwa nkhokwe. Patatha miyezi iwiri matenda anabwerera mwamphamvu. Tsiku lija munawaona opanda nsapato kumsika linali la nthawi imeneyo.

Titabwerera kuchipatala tinaphunzira kuti zovuta za mankhwala zili ndi pothawira. Adokotala atha kuchepetsa mlingo, kusintha mtundu, kapena kupereka mankhwala ena monga benzhexol ochepetsa kuuma ndi kunjenjemera. Chofunika ndi kuwauza, osati kusiya pawekha. Pano achimwene amabayitsa jakisoni kamodzi pamwezi. Tsiku lake ndimalemba ine pakalendala, ndipo amalume aja okayika ndi amene amalipira kabaza.

Pempho langa kwa inu

Mukaona mnzanu wasintha kwa milungu ingapo, sakugona, wasiya kusamba, akudzipatula, akukayikira aliyense kapena akuyankha anthu amene palibe, musamujambule pafoni n'kumatumizirana. Uzani aphunzitsi amene mumawakhulupirira kapena makolo ake, ndipo apite naye kuchipatala. Sikuti aliyense wotere ali ndi schizophrenia. Mwina ndi malungo, mwina ndi nkhawa, mwina ndi vuto lina. Wodziwa kusiyanitsa ndi wachipatala, osati ife. Ngati akunena zofuna kudzipha, musamusiye yekha ndipo musasunge chinsinsi chimenecho. Uzani munthu wamkulu tsiku lomwelo.

Tisamalenso pakamwa. Mawu akuti "wamisala" timawaponya ngati nthabwala, koma pali anzathu m'makalasi muno amene ali ndi amayi, atate kapena achemwali odwala, ndipo amangokhala chete chifukwa cha manyazi. Ine ndinakhala chete chaka chathunthu. Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo, kutanthauza kuti ngakhale amene mukumunyozayo ali ndi mawu oyenera kumvedwa. Pa 10 Okutobala chaka chilichonse dziko lonse limakumbukira za umoyo wa maganizo. Ndikupempha a kalabu ya zaumoyo kuti chaka chino tiitane namwino adzatiyankhe mafunso pa asembule.

Dzina lija titaliwerenga koyamba m'kabuku tinaliopa ngati chigamulo cha kukhoti. Pano ndimaona kuti ndi limene linatithandiza, chifukwa linatiuza choyenera kuchita ndipo linatileketsa kusaka mfiti. Achimwene sanabwerere ndendende mmene analili. Amatopa msanga ndipo phokoso la anthu ambiri limawasowetsa mtendere. Koma ali ndi dimba la tomato kudambo, amagulitsa Lachiwiri ndi Loweruka, ndipo masamu a Fomu 3 amene ndimakhoza aja amandiphunzitsa ndi iwowo. Akuti chaka chamawa akufuna kuyesanso za kukoleji.

Mukawapeza pamsika apatseni moni ngati mmene mumachitira ndi achimwene a wina aliyense. Tomato wawo ndi wabwino, ndipo basera sawumira.

Ndine mnzanu wa Fomu 3.