Kupendeketsa Bokosi la Gitala Popanda Ngozi

Mu mzinda wa Lusaka, pa Loweruka ndi pa Lamulungu, magitala a magetsi amalira pali ponse: m'machalichi a ku Kabwata, m'mabala a ku Chelstone, ndi pa maukwati ocitikira pa mabwalo a nyumba za ku Woodlands ndi ku Kabulonga. Kawirikawiri dandaulo limakhala limodzi. Okhala kutsogolo amati gitala iri kuwalasa m'makutu, pamene woimbayo amati sali kudzimva, naonjezanso mau. Onse awiri anena zoona. Colakwa ciri pa kaikidwe ka bokosi la masipika, limene laima pansi ndi kuloza maondo a woimba.

Kale bvuto ili kunalibe. Mu 1949 kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special kanayamba kulowa m'nyumba za anthu, ndipo m'zaka zimenezo Alick Nkhata ndi anzace anali kuimba pa wailesi ya Lusaka ndi magitala opanda magetsi. Koma m'zaka za m'ma 1970 magulu a Zamrock, monga WITCH, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family ya Paul Ngozi, anazoloweza dziko kulira kwa gitala ya magetsi, ndipo ampulifaya inasanduka cida ca woimba ali yense. Zambiri mwa izo ziri ndi zigawo ziwiri: mutu, umene ukulitsa mau, ndi bokosi la masipika, limene mutuwo ukhalapo pamwamba.

Kuti cimveke cifukwa cace ca bvutoli, pafunika kudziwa mayendedwe a mau. Mau amayenda mu mpweya monga mafunde. Funde la mau aakulu, onjenjemera ka 100 pa sekondi imodzi, litalika pafupifupi mamita 3 ndi theka. Koma la mau aang'ono akuthwa, onjenjemera ka 3,000, litalika masentimita 11 okha. Sipika ya gitala nthawi zambiri ndi ya mainchesi 12, ndiwo masentimita 30. Mafunde aatali koposa sipikayo amabalalika mbali zonse, monga kuwala kwa moto wa pabwalo. Mafunde aafupi amapita molunjika kutsogolo, monga nyali ya pa cisoti ca munthu wa mu mgodi, imene iunikira pokhapo pamene nkhope yaloza.

Cotero woimba amene waima pafupi ndi bokosi lace amamva mau aakulu okhaokha, pakuti aang'onowo adutsa m'miyendo mwace. Iye aganiza kuti gitala yafooka, napotoza kokulitsira mau. Mau onse akuthwawo agwera okhala pa mipando ya kutsogolo, amene makutu ao ali pa msinkhu wa sipika. Ndipo m'chalichi ndi pa ukwati amenewa nthawi zambiri ndi ana ndi nkhalamba. Akatswiri a za umoyo wa anchito anayesa kuti phokoso la madesibelo 85 munthu angakhalemo maora 8 pa tsiku, koma la madesibelo 100 mphindi 15 zokha. Anchito a m'migodi adziwa bwino kuti khutu logontha ndi phokoso silicira.

Mankhwala ace ndi apafupi: kukweza mbali ya kutsogolo ya bokosi kuti sipika iloze khutu la mwini gitala. Akatero amva zimene omvera ali kumva, ndipo acepetsa mau yekha wosauzidwa. Phokoso la mau aakulu locokera pansi licepanso pang'ono. Amisiri anazindikira ici kalekale. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960 kampani ya Fender ku California inayamba kuika miyendo iwiri ya citsulo m'mbali mwa mabokosi ace, yoti bokosi litsamirepo, pamodzi ndi timazitsulo tomangira mutu ku bokosi. Pakati pa zaka zomwezo Jim Marshall wa ku London anapanga bokosi la masipika 4, limene masipika ace awiri a pamwamba anapenya kumwamba pang'ono, bokosilo liri ciimire.

Timazitsulo tomangira mutu tija ndito tisonyeza pamene pali ngozi. Bokosi lotalika masentimita 75, lokhala ndi masentimita 35 kucokera kutsogolo kufika kumbuyo, likhoza kugwa cagada likapendekeka pafupi ndi madigiri 25. Mutu ukakhala pamwamba, ligwa msanga koposa pamenepo, cifukwa kulemera kwakwera m'mwamba. Ndiponso kunjenjemera kwa masipika kumasuntha mutuwo pang'ono pang'ono, kufikira utsetsereka nyimbo iri pakati. Bokosi la masipika 4 lipitirira makilogalamu 30, ndipo mwana woyenda kumbuyo kwace sangalipewe.

Tsono njira yabwino koposa ndiyo kutsitsa mutu, kuuika pa tebulo lolimba pambali, ndi kupendeketsa bokosi lokha. Ngati malo acepa, mutu umangidwe ku bokosi ndi lamba wolimba, wonga womangira katundu pa galimoto, koma lambayo asatseke mabowo oturukira kutentha. Cokwezera cikhale thabwa limodzi lotalika monga bokosi lenilenilo, locindikala masentimita 5 kufikira 8, ndipo kumbuyo kukhale cotsamira cosasuntha. Kileti ya mowa, njerwa ziwiri zosalingana, kapena mpando wa pulasitiki siziyenera. Ngati bokosi liri ndi mawilo, acotsedwe poyamba. Woimba akaima kutali pang'ono, kupendeka kofunika kucepa: pa mamita 2 afuna madigiri onga 30, koma pa mamita 4 theka lace likwanira.

Pansi pomwe payang'anidwe. Simenti yopakidwa polishi, yonga ya m'machalichi ambiri, imaterera, ndipo ifuna mphira kapena mkeka wa labala. Pa kapinga wa ku Kabulonga, makamaka nyengo ya dzinja, mwendo wa citsulo umalowa m'dothi. Pamenepo payalidwe thabwa lalikulu.

Zonsezi zicitike magetsi atazimitsidwa. Nthambo ya pakati pa mutu ndi bokosi ikhale yaitali bwino, pakuti ampulifaya ya mavalavu ikalira nthamboyo itazuka, thiransifoma yace ikhoza kupsa. Mavalavu amatentha kwambiri, ndipo m'kati mwa mutu mumatsala mavoti mazana ngakhale utazimitsidwa. Cotero mutu umene wagwa utsegulidwe ndi mmisiri yekha. Magetsi a m'Zambia ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu isadulidwe dzino lace la pamwamba, limene lipititsa magetsi osokera kunthaka. Lamulo lomweli ligwira pa jenereta. Mu 1972 Les Harvey, woimba gitala wa gulu la Stone the Crows, anafera pamaso pa anthu ku Swansea atagwira maikolofoni imene munali magetsi osokera.

Potsiriza, woimba asadalire khutu lace lokha. Asanafike anthu, atume mnzace akakhale pa mpando woyamba wa kutsogolo, kenaka pa wotsiriza, amuuze zimene wamva. Ndipo akankhe bokosilo pang'ono ndi dzanja limodzi. Likagwedezeka, nchito ya kuliika siinathe.