Kodi wopambana ndi munthu kapena njinga?

Pakati pa okonda mpikisano wa njinga zamoto pali mkangano umene sukutha. Wina akangotenga chikho, ena amati ndi katswiri, ena nkumati ayi, njinga ndiyo yamunyamula, ngakhale inu atakupatsani mukhoza kupambana. Nanga zoona ndi ziti?

Mpikisano wa Superbike wa dziko lonse udayamba mu 1988. Lamulo lake ndi lakuti njinga yothamangitsa ikhale yochokera ku mtundu umene kampani imagulitsa m'sitolo, amakaniko nkungoikonza kuti iwonjeze liwiro. Nchifukwa chake makampani amathirapo ndalama zankhaninkhani: njinga ikapambana, ogula amathamangira.

Tiyambe ndi a Carl Fogarty a ku England. Mkuluyu adatenga chikho mu 1994 ndi 1995 ali pa Ducati. Nthawi imeneyo malamulo ankalola njinga za masilinda awiri, monga Ducati, kukhala ndi injini yofika 1000cc, pomwe za masilinda anayi zinkalekeza pa 750cc. Anthu adadandaula kuti uku nkukondera. Mu 1996 a Fogarty adasamukira ku Honda, ndipo adathera pa nambala 4, chikho nkupita kwa a Troy Corser amene anali pa Ducati. Otsutsa adaomba m'manja: mwaona, ndi njinga basi!

Koma tamvani zimene zidachitika chaka chotsatira. A Fogarty adabwerera ku Ducati, ndipo Honda RC45 imene idawavuta ija adaikwera a John Kocinski a ku America. Adatenga chikho cha 1997 ndi a Kocinski, a Fogarty nkukhala achiwiri. Njinga yomwe ija amati njosathandiza. Apa onyoza adasowa chonena.

Nkhani ya a Alvaro Bautista a ku Spain ndiyo imazunguza mutu kwambiri. Mu 2019 adapambana mipikisano 11 yoyambirira motsatizana pa Ducati yatsopano imene poongoka inkasiya zinzake ngati zaima. Aliyense adati chikho chapita. Koma pakati pa chaka bamboyu adayamba kugwaigwa, pomwe a Jonathan Rea a Kawasaki ankangotolera mapointi mwakachetechete, mpaka chikho chidapita kwa a Rea. Liwiro linalipo, koma silidakwanire.

A Bautista adapita ku Honda mu 2020 ndi 2021, osapambana ngakhale kamodzi. Atabwerera ku Ducati adatenga chikho mu 2022 ndi 2023. Munthu yemweyo, manja omwewo. Ena adati chinsinsi nchakuti mkuluyu ngochepa thupi, choncho njinga siivutika kumunyamula ndipo matayala sakutha msanga. Akuluakulu a mpikisano adamvera, ndipo mu 2024 adakhazikitsa lamulo lakuti wokwera wopepuka aziwonjezera zolemera pa njinga yake. Kodi kuchepa thupi ndi luso kapena mwayi? Yankhani nokha, awerengi.

Tsono munthu tingamuyeze bwanji? Njira yachilungamo ndi imodzi: yang'anani mnzake wa m'timu imodzi, amene wapatsidwa njinga yofanana. A Rea adakhala ku Honda kuyambira 2009 mpaka 2014 opanda chikho. Atafika ku Kawasaki mu 2015 adapezako a Tom Sykes, amene adali atatenga kale chikho mu 2013 pa njinga ya kampani yomweyo. A Rea adawaposa chaka ndi chaka, ndipo adatenga zikho zisanu ndi chimodzi motsatizana mpaka 2020. Njinga idawatsegulira khomo, koma kulowa adalowa okha.

Chimodzimodzi a Toprak Razgatlioglu a ku Turkey. Adatenga chikho mu 2021 pa Yamaha, kenaka mu 2024 adapita ku BMW, kampani imene idali isanatulutsepo wokwera wotenga chikhochi. Ambiri adati mnyamatayu wadzitaya chifukwa cha ndalama. Chaka chomwecho adapambana mipikisano 13 motsatizana natenga chikho, ndipo adachitenganso mu 2025. Luso lake ndi la mabuleki: amachedwa kumanga pofika pokhota, mpaka tayala lakumbuyo kunyamuka m'mwamba. Zimenezi sagula m'sitolo.

Ife tikuti chala chimodzi sichiswa nsabwe. Katswiri pa njinga yofooka angothera m'mbuyo, monga adaonera a Bautista ku Honda, ngakhalenso a Rea eni ake atapita ku Yamaha mu 2024. Koma njinga yabwino imapatsidwa kwa anthu awiri, ndipo chikho amatenga mmodzi. Tsiku lina mukadzamva wina akunyoza kuti uje wapambana chifukwa cha njinga, mudzangomufunsa mwaulemu: nanga mnzake wa njinga yomweyo wathera pa nambala chani?