Mapaipi a Madzi m'Nyumba ya Magudumu

Ku America kuli anthu okonda kuyenda ulendo pamodzi ndi nyumba yao. Nyumbayo ndi yaing'ono, iri ndi magudumu, ndipo galimoto iikoka pambuyo monga ng'ombe zikoka ngolo. Dzina lake ndi kalavani. M'kati mwake muli kama, pophikira ndi posambira. Mulinso thanki ya madzi, ndi pampu ya magetsi imene ikankha madziwo m'mapaipi kufikira ku mpope.

Kuyambira chaka cha 1978 kufikira cha 1995 amisiri ambiri anaikamo mapaipi a pulasitiki wotuwa, dzina lake polybutylene. Anawakonda pakuti anali opepuka, osavuta kupinda ndi otsika mtengo. Koma mapaipiwo anali ndi mdani. M'madzi a m'mizinda athiramo mankhwala a kolorini kuti aphe tizilombo ta matenda. Mankhwalawo athandiza munthu, koma pulasitiki wotuwayo amudya pang'onopang'ono kuyambira m'kati, monga nankafumbwe adya chimanga m'nkhokwe: njere ioneka yabwino kunja, m'kati muli fumbi lokhalokha.

Mdani wina ndiye chisanu. Kumpoto kwa dzikolo kuzizira kotero kuti madzi aundana nauma gwa ngati mwala. Pakuundana afufuma. Malita 11 a madzi afuna malo a malita 12, ndipo paipi yokalamba ing'ambika.

Tsono madzi ayamba kudontha kuseri kwa kabati, kumene diso silifika. Dontho ndi laling'ono, koma pansi pa kalavani ndi pa matabwa. Ikapita miyezi matabwa avunda, ndipo tsiku lina phazi la mwini nyumba libooleza.

Nanga mmisiri adziwa bwanji kuti paipi ikudontha? Ayamba ndi khutu. Atseka mipope yonse, nayatsa pampu. Mapaipi akadzala, pampu ileka yokha kulira. Mmisiri akhala chete, namvetsera. Pampu ikaliranso popanda munthu wotsegula mpope, ndiye kuti madzi akuthawira pena pake. Pamenepo agwada pansi ndi tochi, nafufuza ndi zala mfundo iliyonse, pakuti mapaipi akonda kusweka polumikizira.

Akapeza balalo azimitsa pampu, nakhuthula madzi onse. Kumata ndi guluu nkutaya nthawi, chifukwa guluu sagwira pulasitiki wa mtundu umenewu. Adula mbali yoonongekayo ndi chodulira chakuthwa, mowongoka bwino, naikapo paipi yatsopano yotchedwa PEX. Ambiri atenga yofiira ya madzi otentha ndi yobiriwira ngati thambo ya madzi ozizira, kuti wodzakonza m'tsogolo asasokonezeke.

Apa mpofunika maso. Paipi yakale ndi yatsopano zilingana kukula kwake kunja, koma bowo la yakale ndi lalikulupo pang'ono. Chifukwa chake pali cholumikizira cha mkuwa chimene mitu yake iwiri siilingana. Mutu wonenepa ulowa m'paipi yotuwa, wina m'yatsopano. Pamwamba pake mmisiri aveka mphete, naifinya zolimba ndi chopanira. Akatembenuza mitu ija, madzi adzadonthanso.

Kawirikawiri pokonza mfundo imodzi agwedeza inzake, imene yakalamba chimodzimodzi, ndipo mawa isweka iyo. Mmisiri wanzeru akaona mabala awiri kapena atatu achotsa mapaipi otuwa onse. Ntchitoyo ndi yowawitsa msana, pakuti mapaipi apita m'malo opanikiza mosalowa dzanja. Ena amangirira paipi yatsopano ku nsonga ya yakale, ndipo posolola yakaleyo, yatsopano itsata m'njira yomweyo.

Akatha adzaza thanki, nayatsa pampu, nayala pepala louma pansi pa mfundo iliyonse. Asiya chomwecho usiku wonse. M'mawa atola mapepala aja limodzilimodzi, nawayang'ana poyera ngati pali lonyowa.