Nsagwada ya ku Uraha ndi Chiyambi cha Munthu

Omvera ambiri amadziŵa boma la Karonga chifukwa cha mpunga ndi ng'ombe zake. Koma kwa akatswiri ofufuza za chiyambi cha munthu, Karonga anatchuka ndi fupa limodzi lokwana m'chikhatho. M'chaka cha 1991, gulu la Amalaŵi ndi alendo lotsogoleredwa ndi Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America linatola nsagwada ya m'munsi pamalo otchedwa Uraha, itathyoka paŵiri, mano ena ali momwemo. Mwini wake anali wa mtundu umene akatswiri amautcha Homo rudolfensis, ndipo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2,400,000 zapitazo.

Kodi zaka zochuluka chotere zinaŵerengedwa bwanji? Ku Kenya ndi ku Ethiopia ntchito imeneyi njosavuta kwenikweni, popeza mafupa amapezeka pakati pa mizere ya phulusa la mapiri ophulika, ndipo msinkhu wa phulusalo umayesedwa ndi makina. Pa Uraha panalibe phulusa loyenera. Chimene chinathandiza ndi nyama yosayembekezeka konse, nguluŵe. Mano a nguluŵe zakalekale ankasintha pang'onopang'ono m'mibadwo yonse, kunka natalika, kotero kuti mtundu uliwonse wa dzino uli ndi nyengo yake. Poyerekeza mano a nguluŵe opezeka pafupi ndi nsagwadayo ndi ena a kumpoto amene zaka zake zinadziŵika kale, akatswiriwo anapeza nthaŵi imene munthu wa ku Uraha anakhalako.

Nsagwadayo inali yofunika chifukwa cha malo ake. Kufikira nthaŵiyo, mafupa otere ankachokera mbali ziŵiri zotalikirana: kumwera, kumene Raymond Dart anazindikira chibade cha mwana wa ku Taung mu 1924, ndi kumpoto, kumene Donald Johanson anapeza mafupa a Lucy ku Ethiopia mu 1974. Pakati ponsepa panali zii. Uraha inasonyeza kuti m'chigwa chachikulu mmene muli Nyanja ya Malaŵi munkakhalanso makolo akalewo. Mu 1996 pa Malema, ku Karonga komweko, panapezeka chidutswa cha nsagwada ya mtundu wina, Paranthropus boisei, wa mano akuluakulu otafunira zolimba. Mitundu iŵiriyi inakhala m'dziko limodzi pa nyengo imodzi, koma wa mano akuluwo unatha wosasiya mbewu.

Apa mpoyenera kuwongola mawu amene amamveka kaŵirikaŵiri, akuti munthu anachokera kwa nyani. Akatswiri sanena choncho ayi. Chimene amanena nchakuti munthu ndi chimpanzi ali ngati nthambi ziŵiri za tsinde limodzi, zimene zinasiyana zaka 6,000,000 kapena 7,000,000 zapitazo. Kuyenda ndi miyendo iŵiri kunayamba bongo usanakule: mapazi amene gulu la Mary Leakey linafukula ku Laetoli, m'dziko la Tanzania, mu 1978 anapondedwa zaka 3,600,000 zapitazo ndi zolengedwa za mitu yaing'ono.

Mtundu wa anthu alipoŵa, Homo sapiens, ngwadzulodzulo. Mafupa ake akale koposa, a ku Jebel Irhoud m'dziko la Morocco, ali ndi zaka pafupifupi 300,000. Chibade chimene anthu a mumgodi anafukula ku Kabwe, ku Zambia, mu 1921 ncha nyengo yomweyo, komatu ncha mtundu wina. Chinatengedwa kupita ku London. Wofuna kumva mbiri ya nsagwada ya ku Uraha angapite ku nyumba yosungiramo zakale ya pa Karonga, imene inatsegulidwa mu 2004.