Kodi Thovu la mu Zakumwa Limachokera Kuti?

Mukatsekula botolo la Fanta pamsika wa Nselema, limalira kuti "tsii" ndipo thovu limakwera. Thobwa nalonso likagona masiku awiri limayamba kuwira. Zonsezi zimachitika chifukwa cha mpweya umodzi wotchedwa carbon dioxide, womwe timatulutsa popuma. Kusiyana kuli pa njira imene mpweyawo walowera m'chakumwacho.

Njira zitatu

1. Ya kufakitale. Makina amapopera mpweya m'madzi ozizira mwamphamvu n'kutseka botolo. Madzi ozizira amasunga mpweya wambiri kuposa ofunda, n'chifukwa chake botolo lokhala padzuwa limasefukira.

2. Ya soda ndi mandimu. Soda wophikira akakumana ndi madzi owawasa amatulutsa mpweyawu nthawi yomweyo.

3. Ya isiti. Isiti ndi tizamoyo tomwe timadya shuga n'kutulutsa mpweya pamodzi ndi mowa pang'ono.

Zakumwa za m'sitolo sizofanana

Soda water ndi madzi a mpweya opanda shuga. Tonic ali ndi shuga komanso kwinini wochepa kwambiri, amene sangachize malungo. Botolo la Coca-Cola la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana pafupifupi masupuni aang'ono 8. Mwana wotsekula m'mimba musam'patse zakumwa zimenezi, chifukwa shuga wochuluka amawonjezera vutolo. M'patseni Thanzi ORS ndipo pitani naye kuchipatala.

Yambani ndi madzi abwino

Mliri wa kolera umene unavuta dziko lonse unayambira m'boma lathu la Machinga m'mwezi wa March 2022. Thovu silipha tizilombo. Wiritsani madzi, muwasiye azizire ali ovundikira, ndipo sambani m'manja ndi sopo musanagwire ziwiya.

Chakumwa cha pompopompo

Finyirani madzi a ndimu okwana masupuni aakulu awiri m'kapu ya madzi ozizira. Thirani shuga pang'ono, kenaka soda wophikira kota ya supuni yaing'ono. Takasani ndi kumwa thovu lisanathe. Mukhoza kuyesanso ndi madzi a bwemba kapena a malambe.

Chenjerani: soda wopangira sopo ndi poizoni, amawotcha pakhosi ndi m'mimba. Musamusunge pamodzi ndi zakudya. Soda wophikira ali ndi mchere, choncho odwala BP ndi ana aang'ono asamwe, ndipo enanu musamwe tsiku lililonse.

Chakumwa cha jinja

Zofunika: botolo lapulasitiki la malita awiri limene munali chakumwa cha mpweya, jinja wosinja masupuni aakulu awiri, shuga theka la kapu, ndimu imodzi, ndi isiti wa mandasi kota ya supuni yaing'ono.

1. Tsukani bwino botolo ndi chitsekerero chake.
2. Ikani zonse m'botolo ndi kuthira madzi owiritsa amene azizira. Madzi otentha amapha isiti.
3. Siyani mpata wa zala zinayi pamwamba, mutseke zolimba ndi kukhutchumula.
4. Ikani pamthunzi. Pakapita maola angapo muzilifinya ndi dzanja. Likalimba ngati mpira wopopa, chakumwa chapsa. Nyengo yotentha ya October sichingathe ndi tsiku lomwe.
5. Liziziritseni m'ndowa ya madzi, mutsekule pang'onopang'ono mutalozetsa kumbali, musefe ndi kumwa tsiku lomwelo.

Musagwiritse ntchito botolo lagalasi. Isiti sasiya kugwira ntchito, mpweya umachulukirachulukira, ndipo galasi likaphulika likhoza kuboola diso la mwana.

Dziwaninso kuti njira ya isiti imapanga mowa pang'ono, ndipo umawonjezeka chakumwa chikagonera. Ambiri mwa ife kuno sitimwa mowa chifukwa cha chipembedzo. Ngati muli m'gulu limeneli, sankhani njira ya mandimu, ndipo musapatse mnzanu chakumwa cha isiti osamuuza.

Ntchito ya pagulu

Gawanani m'magulu awiri. Gulu lina liike botolo pamthunzi wa mtengo, lina m'ndowa ya madzi ozizira m'nyumba. Lembani nthawi imene botolo lililonse lalimba. Pamsonkhano wotsatira tidzakambirane: ndi liti linalimba msanga, ndipo chifukwa chiyani? Nanga ndi zipatso ziti zimene zimangowola m'minda mwathu, zomwe tingapangire chakumwa m'malo mogula cha m'sitolo?