Matanthauzo a Mneni wa Cingelezi "Run" ndi Kaphunzitsidwe Kace

Mau oyamba

Mwana akayamba kuphunzira Cingelezi amauzidwa kuti "run" ndi kuthamanga. Zimenezi nzoona, koma mneniyu ali ndi nchito zina zambirimbiri. Pamene akonzi a dikishonale ya Oxford English Dictionary anaunikanso mneniyu mu 2011, anapeza matanthauzo 645, kuposa 430 a mneni "set" amene anali patsogolo m'kope la 1989. M'nkhani ino tifuna kuonetsa kuti ambiri mwa matanthauzowa ali ndi muzu umodzi.

Zitsanzo

1. The boy runs. Mnyamata athamanga.
2. The river runs south. Mtsinje uyenda kulowera kumwera.
3. The bus runs daily. Basi iyenda tsiku ndi tsiku.
4. The shop runs well. Sitolo iyenda bwino.
5. She runs the shop. Iye ayendetsa sitolo.

Tiona kuti "-thamanga" akwanira m'ciganizo coyamba cokha, mmene wocita nchitoyo ali ndi miyendo. M'ziganizo zotsalazo mneni woyenera ndi "-yenda". Motero muzu wa matanthauzowa ndiwo kuyenda kopitirira, osati liwiro ayi.

Ziganizo 4 ndi 5 zionetsa kusiyana kwina. Cinyanja cimaika "-ets-" pa tsinde la mneni posonyeza kuti wina ndiye acititsa cinthu. Cingelezi sicisintha mneni pano. Cingoonjezera dzina pambuyo pace. Wophunzira wosadziwa izi angaganize kuti mwini sitolo athamangira kusitolo.

Mau apacibale

Mneniyu akatsatana ndi timau tina, tanthauzo limatalikira muzu uja: "run away" ndi kuthawa, "run out" ndi kutha monga atha shuga m'nyumba, ndipo "run over" ndi kuponda ndi galimoto. Mau otere ayenera kuphunzitsidwa lililonse palokha.

Mau otsiriza

Kuculuka kwa matanthauzo si kwacilendo kwa wolankhula Cinyanja. Ife timamva mau, timamva fungo, timamva kuwawa, timamvanso cinenero, ndipo sitisokonezeka cifukwa dzina lotsatira limatiuza tanthauzo. Mphunzitsi ayambire pamenepa. M'malo moloweza mndandanda wa mau awiriawiri, ana apatsidwe ziganizo zathunthu, afunsidwe kuti: cimene cicita "run" pano nciani? Popeza mayeso a maphunziro ambiri amalembedwa m'Cingelezi, mwana wodziwa tanthauzo limodzi lokha angalephere funso la sayansi ngakhale sayansiyo aidziwa.