Lamba wotsalira pa kaunjika angabale zibangili zinayi

Belo lililonse la kaunjika likamasulidwa pa msika wa Dedza boma, ku Chimbiya kapena ku Linthipe, pamatsala katundu amene ogula amangomudumpha: lamba woduka chomangira, chikwama chothyoka zipi, jekete long'ambika pamkono. Ogulitsa ambiri amamutaya pamtengo wolira kuti mpamba ubwereko. Komatu ngati katunduyo ndi wachikopa chenicheni, muli zibangili zapamkono zomwe zingagulitsidwe pamtengo woposa wa lambayo.

Chiyambire pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zoveka zochokera kunja zinakwera mtengo, ndipo chopangidwa konkuno chili ndi mwayi wopikisana nazo. Ntchitoyi siifuna makina kapena magetsi. Pamafunika mpeni wakuthwa kapena lumo, rula, nyundo, msomali kapena chobowolera, singano ya osoka nsapato, ulusi wolimba, phula, sandipepala ndi mabatani achitsulo okanikiza aja.

Phindu kapena kuluza kumayambira pogula. Malamba ndi zikwama zambiri za pa kaunjika ndi zapulasitiki wongofanizira chikopa. Chibangili chotere chikakumana ndi thukuta chimasupuka, kasitomala amabwera nacho atakwiya, ndipo mbiri ya benchi imaipa msika wonse. Wogula ayang'ane m'mphepete modulidwa: chikopa chenicheni chimaonetsa timaulusi tothithikana ndipo kumsana kwake kumakhala kwamanyawanyawa, pomwe chabodza chimakhala ndi nsalu kapena thovu mkati. Dontho la madzi likaikidwa kumsanako, chenicheni chimamwa pang'onopang'ono n'kuda. Kachidutswa kakayandikizidwa ku moto wa machesi, pulasitiki amasungunuka, koma chikopa chimangopserera n'kununkha ngati tsitsi. Chizindikiro cholembedwa PU chikutanthauza pulasitiki, ndipo cholembedwa bonded leather ndi zinyenyeswa zomatidwa ndi guluu zomwe sizichedwa kuthetheka.

Chikopa chikapezeka, chipukutidwe ndi nsalu yonyowa ya sopo pang'ono, kenako chiumire pamthunzi. Padzuwa kapena pambaula chimauma gwa n'kuchita ming'alu.

Podula, muyeso ndi wa dzanja. Manja ambiri a akuluakulu amazungulira masentimita apakati pa 15 ndi 20 polumikizira chikhatho. Pamuyesowo pawonjezedwe masentimita atatu kapena anayi oti nsonga zipitirirane pomanga. Lamba wa mita imodzi, akachotsedwa chomangira ndi mbali ya mabowo yomwe imakhala yotopa, amatulutsa zibangili zitatu kapena zinayi. Ndi bwino kudula kaye katoni ya masaizi atatu n'kumalembera pamenepo, chifukwa chikopa chikadulidwa molakwika sichibwerera.

Ngodya zizunguliridwe kuti zisamakande. M'mphepete mupalidwe ndi sandipepala, munyowetsedwe pang'ono, kenako mukhulidwe ndi phula ndi kamtengo kosalala mpaka mung'anime. Apa ndi pomwe ogula amasiyanitsira ntchito ya mmisiri ndi chidutswa cha lamba wamba. Batani likhomedwe pathabwa lolimba, ndipo kuika awiri mbali imodzi kumathandiza kuti chibangili chimodzi chikwane manja osiyana. Mabatani akasowa, bowo ndi kachingwe kachikopa kokoleka pa mkanda waukulu zimagwira ntchito yomweyo. Chikopa chopyapyala cha jekete chipindidwe pawiri, chimatidwe, ndipo chisokedwenso, poti guluu payekha amamatuka akatentha. Kukongoletsa kusachuluke: mzere umodzi wa mikanda, kansalu kachitenje kosokerera, kapena timadontho todinda ndi mutu wa msomali pachikopa chonyowa n'zokwanira.

Nyengo ya ku Dedza ili ndi vuto lake. Tawuniyi ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo nkhungu ya Juni ndi Julayi komanso chinyezi cha dzinja zimachititsa chikopa chuku ndi zitsulo dzimbiri. Katundu wosungidwa mu jumbo yomanga amawonongeka msanga. Asungidwe m'katoni kapena m'thumba lansalu, pamalo okwera, ndipo azitulutsidwa kuti apitidwe mphepo. Batani ladzimbiri limadetsa chikopa komanso limayabwa pakhungu, choncho amtundu wa mkuwa ndi abwinopo.

Mtengo uwerengedwe, usangotchulidwa pakamwa. Mwachitsanzo, ngati lamba wagulidwa K2,000 ndipo watulutsa zinayi, chikopa cha chimodzi ndi K500. Pamenepo pawonjezedwe batani, ulusi, phula, thiransipoti, chiphaso cha pamsika ndi nthawi yomwe yapita, kenako phindu ndi kampata konenerera. Ambiri amaiwala kuwerengera thukuta lawo ndi zidutswa zomwe zawonongeka, mapeto ake amagulitsa tsiku lonse koma ndalama yokapikulira ina osaoneka.

Ogula ali pawiri. Achinyamata a pa boma ndi apaulendo a mumsewu wa M1 amafuna chotchipa ndi chooneka bwino. Alendo amene amaima pa Dedza Pottery, yomwe inayamba mu 1987, amene amakaona zojambula zamakedzana za ku Chongoni, zomwe bungwe la UNESCO linaziika m'kaundula wake mu 2006, kapena amene amatsikira ku Mua kudzera msewu wa Golomoti, amayang'ana kusoka kwaudongo ndipo amakonda kumva kuti chinthucho chapangidwa ndi manja kuchokera ku chikopa chakale. Wogulitsa asabise zimenezi, chifukwa n'zomwe zimakweza mtengo. Asanayale katundu pafupi ndi malo a eni ake, ayambe wapempha chilolezo.

Chenjezo lomaliza ndi la zikopa za nyama zakutchire monga kambuku, nsato ndi ng'ona. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo kupezeka ndi chikopa cha nyama yotetezedwa popanda chilolezo kungatengere munthu kundende. Za ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa zilibe mlandu.

Woyamba kumene agule lamba mmodzi kapena awiri, apange zochepa, chimodzi achivale yekha sabata yathunthu akugwira ntchito zake. Chikapirira thukuta osasupuka ndi batani osamasuka, ndiye nthawi yowonjezera mpamba yakwana.